Kuombera gwape n'kwina, kuombera mthunzi pakhomo n'kwina

Mbava zinatilowera usiku wa Lachitatu, mvula ili kugwa. Zinali zinayi, ziwiri zitanyamula zikwanje. Zinatigoneka chafufumimba pasimenti ine ndi mng'ono wanga, n'kutenga wailesi, kompyuta yanga ya pantchito, foni ziwiri ndi nsapato zimene ndinali ndisanamalize kulipira. Palibe anavulala. Amene tinawaitana kuti adzatithandize anafika dzuwa litatuluka, n'kutifunsa ngati akubawo tikuwadziwa maina.

Sindifuna kukunamizani, awerengi. Kwa milungu itatu chichitikireni zimenezi, chimene mtima wanga unkalakalaka chinali mfuti basi. Ndikagona ndinkadziona ndili nayo pansi pa pilo, chitseko chikuthyoka, ine n'kudzuka modekha ngati munthu wa m'kanema. Aliyense amene anagonekedwapo pansi m'nyumba yake yomwe, phazi la mlendo lili pamsana, akudziwa chimene ndikunena. Mantha amatha pang'onopang'ono, koma manyazi amakhalitsa.

Mnzanga wina wa pantchito, ataona mmene ndinalili, anayamba kunditumizira makanema a ku America. Ambiri a inu munawaonapo: bambo wa ndevu, chipewa kumutu, magalasi akuda, pisitolo m'chiuno, akuphunzitsa anthu wamba kudziteteza. Uthenga wawo ndi umodzi. Amati chachikulu si kukula kwa mfuti, koma malo amene chipolopolo chagwera pathupi. Eni ake amati shot placement. Ukangophunzira kulasa pamalo oyenera, akutero, nkhani ya mantha yatha. Akatero amakuonetsa zoti ugule: chikwama cha mfuti cha m'chiuno, tochi yomangirira kumfuti, kagalasi ka kadontho kofiira, zipolopolo zotambasuka zikalowa m'thupi. Kawirikawiri bambo yemweyo sabata yotsatira umamuona ali m'tchire akusaka agwape, akunena mawu omwewo.

Nkhani yanga lero yagona pa mawu amenewa. Ine ndikuti aphunzitsi awa akubwereka ulemu wa mlenje kuti agulitse chinthu chimene mlenje weniweni sangachivomere. Chiphunzitso chimene chimagwira ntchito pa gwape woima phee m'tchire akuchinyamula n'kuchilowetsa kuchipinda kwa munthu wodzidzimuka kutulo, ngati kuti ndi ntchito imodzi.

Amene anandiziziritsa mutu ndi amalume anga. Iwo anathawa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, pa zifukwa zimene ambiri a inu owerenga tsamba lino simufuna wina akufotokozereni. Atazungulira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam anakathera ku Wisconsin, chigawo chozizira cha kumpoto kwa United States, ndipo anabwera kumudzi itadutsa referendamu ya 1993. Kumeneko anzawo a pantchito anawaphunzitsa kusaka agwape aja a mchira woyera kunsi, amene eni dziko amati white-tailed deer. Ndinapita kwa iwo ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu amene anagwira mfuti zaka zambiri andilimbitsa mtima, mwinanso andiuza mtundu woti ndigule. M'malo mwake anandikhazika pakhonde n'kuyamba kundikambira za uzimba.

Ku Wisconsin nyengo yaikulu yosaka agwape ndi mfuti imakhala ya masiku 9 okha, kumapeto kwa Novembala. Anthu oposa theka la miliyoni amagula ziphaso, ndipo m'matauni ena ang'onoang'ono ntchito zimaima ngati kwagwa maliro a mfumu. Alenje amavala malaya a mtundu wa olenji wowala kwambiri, chifukwa maso a gwape sauona bwino mtundu umenewu pamene mlenje mnzako amauona ali patali. Musaganize kuti ndi chipwirikiti. Cha m'ma 1900 agwape amenewa anatsala pang'ono kutha m'madera ambiri chifukwa cha kusaka kopanda malire. Lero alipo pafupifupi 30 miliyoni. Zina mwa ndalama zimene zinawabwezeretsa zinachokera kwa alenje omwewo, kudzera m'lamulo la 1937 lotchedwa Pittman-Robertson, limene limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo n'kuupereka ku ntchito yosamala nyama zakutchire. Ndikunena izi kuti pasapezeke wina wonena kuti mtolankhani uyu amadana ndi alenje. Ndimawapatsa ulemu, ndipo ife amene tinamaliza nyama m'mapiri mwathu ndi misampha ya mawaya ndi moto wolusa tilibe pakamwa powanyozera.

Kumeneko munthu sangodzuka n'kulowa m'tchire. Chigawo cha New York chinayamba kukakamiza maphunziro a alenje mu 1949, ndipo ku Wisconsin aliyense wobadwa kuyambira 1973 ayenera kuchita maphunzirowa asanaloledwe kusaka payekha. Za malo olasa amaphunzitsadi. Mlenje amauzidwa kulinga kuseri kwa phewa, pamene pali mtima ndi mapapo, malo aakulu ngati mbale ya nsima. Amauzidwa kudikira mpaka nyama itaima chopingasa, nthiti zonse zikuoneka. Kumutu amamuchenjeza kuti asayerekeze: mutu ndi waung'ono, sukhazikika, ndipo ukaphonya pang'ono umangothyola nsagwada, nyama n'kukafa ndi njala patapita masiku. Cholinga cha zonsezi n'chakuti nyama ife msanga, isazunzike, isakatayike m'tchire.

Koma taonani mmene zinthu zimakhalira pa nthawiyo. Mlenje wakhala pansanja yake mumtengo kuyambira mbandakucha. Mfuti yake ndi yaitali, .30-06 kapena .308, ili ndi galasi lokuza zinthu, ndipo waitsamiritsa pathabwa. Kunja kwayera. Gwape sakudziwa kuti pali munthu, ndipo gwape alibe chikwanje. Mlenje akaona kuti nthambi yatchinga, kapena kuti kuseri kwa nyamayo kuli msewu kapena nyumba, amatsitsa mfuti n'kudikira mawa. Palibe chimene wataya.

"Mphwanga," anatero amalume, "agwape amene ndinawaona pagalasi n'kuwasiya apite ndi ambiri kuposa amene ndinaombera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga iwe usiku uja unali nayo nthawi yodekha?"

Ndinati ayi, malume.

"Manja ako anali bwanji?"

Sindinayankhe. Mbava zija zitapita, manja anga analephera ngakhale kugwira machesi kuti ndiyatse kandulo.

Anandiuza za nthenda imene alenje a kumeneko amati buck fever. Munthu woti pabwalo lophunzirira amalasa pakati pa chandamale ulendo uliwonse, akangoona tonde wa nyanga zake watulukira, mtima umagunda ngati ng'oma, mpweya umabanika, mfuti n'kumavina m'manja. Ena amaphonya nyama yathunthu ili pafupi pomwepa. Anandiuzanso chinthu chimene aphunzitsi a pafoni sakhalitsapo: gwape wolasidwa bwinobwino m'mapapo, ngakhale mumtima, kawirikawiri sagwa pomwepo. Amatha kuthamanga mamita 50 kapena 100 asanagwe. N'chifukwa chake alenje amaphunziranso kulondola magazi. Thupi silizima ngati nyali.

Ndipo ngakhale pali kudekha konseko, masanasana, alenje amalakwitsa. Mu Novembala 1988, ku Hermon m'chigawo cha Maine, mayi wina wa ana amapasa anatuluka kuseri kwa nyumba yake atavala magolovesi oyera. Mlenje amene anali m'tchire lapafupi anaombera, mayiyo n'kumwalira. Zoyerazo akuti zinaoneka ngati mchira wa gwape. Khoti linamupeza mlenjeyo wosalakwa mu 1990, ndipo panapezeka anthu odzudzula malemuwo kuti anavaliranji zoyera m'nyengo ya uzimba, pakhomo pawo pomwe! Kapena tikumbuke Dick Cheney, amene mu Febuluwale 2006, ali wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, anathira chifefe kumaso kwa mnzake Harry Whittington, nkhalamba ya zaka 78, akusaka zinziri ku Texas. Chosangalatsa n'chakuti atatuluka m'chipatala, wolasidwayo ndiye anapepesa poyera chifukwa cha mavuto amene banja la wamkuluyo linakumana nawo. Ife tinkaganiza kuti khalidwe lopepesa kwa bwana amene wakuponda chala ndi lathu lokha.

Tsopano tichoke kutchire tibwere kwa anthu, kumene chandamale chimabwezera.

Pa 11 Epulo 1986, ku Miami, apolisi 8 a bungwe la FBI anatsekereza galimoto ya achifwamba awiri obera mabanki, Michael Platt ndi William Matix. Apolisiwa anali anthu ophunzira ntchito yawo. Koma magalimoto atagundana, awiri mfuti zawo zinawapulumuka, ndipo Benjamin Grogan, katswiri pa kaomberedwe, magalasi ake a maso anagwa. Kumayambiriro kwa nkhondoyo chipolopolo cha 9mm cha Jerry Dove chinaboola mkono wa Platt, n'kulowa m'chifuwa, n'kuima chitatsala pang'ono kufika pamtima. Bala limenelo palokha linali lakupha. Koma Platt, magazi akudzadza m'chifuwa, anapitiriza kumenya nkhondo ndi mfuti yake yaitali, mpaka anapha Dove ndi Grogan. Apolisi ena 5 anavulala. Zonsezi zinachitika m'mphindi zosakwana 5, ndipo panaombedwa zipolopolo pafupifupi 145. Platt anafa ali ndi mabala 12, ndipo m'magazi mwake simunapezeke mankhwala ozunguza bongo. Uyu ndi gwape uja wa amalume. Kusiyana kwake n'kwakuti masekondi ake otsiriza sanathawire nawo kutchire, anathamangira nawo kwa alenje.

Chimene FBI inachita pambuyo pake n'chimene amalonda amakonda kumva. Inaloza chala chipolopolo. Inapita ku 10mm, n'kupeza kuti imakankha kwambiri m'manja mwa ambiri, inapita ku.40, ndipo pofika 2016 inali itabwerera ku 9mm, ponena kuti zipolopolo zamakono zinasintha ndiponso kuti anthu ake amalasa bwino ndi mfuti yosakankha kwambiri. Zaka 30 kuzungulira mtengo umodzi. Paulendo wonsewo apolisi a m'matauni ndi anthu wamba ankatsatira pambuyo, kugulitsa yakale, kugula yatsopano. Mukaona bambo wa pakanema akukuuzani kuti chimene chikusowa pa chitetezo chanu ndi kagalasi katsopano, muzifunsa kuti kagalasiko akugulitsa ndani.

Wina anena kuti ya ku Miami ndi nkhani imodzi. Chabwino, tiyeni ku New York. Mu 2008 bungwe la kafukufuku la RAND linaunika mmene apolisi a mumzindawu anaombera pakati pa 1998 ndi 2006. Pamene mdani ankabwezera, zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse n'zimene zinkalasa munthu wofunidwayo. Pamene sankabwezera, zinali pafupifupi 30 pa 100. Nanga zotsalazo zimapita kuti? Pa 24 Ogasiti 2012, pafupi ndi nyumba ya Empire State, apolisi awiri anaombera ka 16 munthu amene anali atangopha mnzake wakale wa pantchito. Anamupha, inde, koma anthu 9 odutsa m'njira anavulala ndi zipolopolo za apolisiwo kapena zidutswa zake. Nanga Amadou Diallo, mnyamata wa ku Guinea wochita malonda a mumsewu? Pa 4 Febuluwale 1999 anali pakhomo la nyumba imene ankakhala ku Bronx, n'kupisa m'thumba kutulutsa kachikwama ka ndalama. Apolisi 4 anaombera ka 41, zipolopolo 19 zinamulasa. Analibe chida chilichonse. Awatu ndi anthu olipidwa kuti aziphunzira mfuti. Ine amene ndinasiyira yunivesite panjira, amene chida chachikulu chimene ndinagwirapo ndi legeni, ndikachita bwino kuposa iwo chifukwa ndaonera makanema khumi?

Pali china chimene chinandiwawa ndikuonera makanemawa, ndipo mundilole ndipatuke pang'ono chifukwa chimakhudza anansi athu. Imodzi mwa njira zotchuka zophunzitsira kuombera munthu imatchedwa Mozambique Drill. Dzinali analifalitsa ndi Jeff Cooper, msilikali wakale wa ku America amene mu 1976 anatsegula sukulu ya kaomberedwe ku Arizona, imene imadziwika kuti Gunsite. Monga mmene nkhaniyo imakambidwira, msilikali waganyu wa ku Rhodesia, Mike Rousseau, anakumana maso ndi maso ndi munthu wonyamula AK-47 pabwalo la ndege la Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, m'nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Anamuombera kawiri pachifuwa, munthuyo osagwa, ndipo anamaliza ndi chachitatu. Pambuyo pake apolisi a ku Los Angeles anasintha dzinalo kuti lisamveke moipa, koma pa intaneti lakale lija likadali ndi moyo. Wakufayo dzina lake silitchulidwa. Anasanduka pepala lopachika pabwalo. Chonsecho eni dzikolo, amene makolo athu kuno anasunga othawa nkhondo awo oposa miliyoni imodzi, atatopa ndi magazi anayamba mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo. Za imeneyo sindinaonepo kanema wa bambo wa ndevu.

Sindikubisa mbali inayo. Pa 29 Disembala 2019, m'tchalitchi china ku White Settlement, Texas, munthu anatulutsa mfuti mapemphero ali mkati n'kupha anthu awiri. M'masekondi pafupifupi 6, Jack Wilson, bambo wa zaka 71, anamugwetsa ndi chipolopolo chimodzi. Anapulumutsa miyoyo, ndipo wokana zimenezi ndi wabodza. Koma Wilson anali mphunzitsi wa mfuti wa zaka zambiri, anali maso, ataimirira, m'nyumba yowala, ndipo gulu lake lachitetezo linali litamukayikira kale mlendoyo chifukwa cha ndevu zake zonamizira. Ndikudziwanso kuti nthawi zina mfuti imathamangitsa mbava isanalire n'komwe. Ndipo inu okhala kumpanda, amene muli ndi alonda a kampani ndi agalu odya nyama, musamanyoze munthu wa mulokeshoni akamafuna chodzitetezera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba ndinamvamo.

Koma tiyeni tiwerengere nthawi. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wonyamula mpeni amatha kudutsa mamita opitirira pang'ono 6 m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yofanana ndi imene wapolisi wozolowera amatenga kuti asolole mfuti n'kuombera. Kuchipinda kwanga, kuchokera pachitseko kufika pabedi ndi mamita 3. Kuti mfuti indithandize usiku uja, inayenera kukhala yodzaza kale, pafupi ndi dzanja, ndipo ine ndinayenera kuombera ndisanaone bwino amene walowa. Apa ndi pamene pagona vuto lonse.

Cooper yemwe uja anasiya malamulo anayi amene aphunzitsi ambiri amawaloweza. Mfuti iliyonse uziitenga kuti ndi yodzaza. Usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuononga. Chala chisakhudze pokhethemulira usanalinge. Ndipo lachinayi, utsimikize chimene ukuombera pamodzi ndi chimene chili kuseri kwake. Malamulo abwino ndithu. Koma lachinayili ndi liwiro limene makanema akukulonjezani sizimwerana madzi. Kutsimikiza kumafuna nthawi ndi kuwala, zinthu ziwiri zimene mlenje ali nazo ndipo mwini nyumba alibe.

Oscar Pistorius malamulowa ankawadziwa. Pamlandu wake mu 2014, wogulitsa mfuti amene anamuyesa mayeso a chiphaso anachitira umboni kuti anayankha bwino mafunso a nthawi imene lamulo limalola kuombera munthu. Komabe pa 14 Febuluwale 2013, ku Pretoria, anaombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa mbava. Kaya mumamukhulupirira kaya ayi, khoti la apilo mu 2015 linagamula kuti unali mlandu wakupha, posatengera kuti ankaganiza kuti kuseri kwa chitsekocho kuli ndani. Zipolopolo zitatu mwa zinayizo zinalasa. Kuphonya sanaphonye. Ku Baton Rouge, Louisiana, mu Okutobala 1992, mnyamata wa ku Japan wa zaka 16, Yoshihiro Hattori, anasokera nyumba akupita kuphwando. Mwini nyumba anatuluka ndi .44 Magnum, anakuwa m'Chingerezi kuti aime, mnyamatayo sanaime, ndipo chipolopolo chimodzi chinamupeza pachifuwa, malo omwe aja amene amaphunzitsa.

Tsopano ganizani nyumba zathu za m'tauni. Mpanda umodzi, mabanja anayi. Chimbudzi chili panja, ndiye usiku uliwonse pali wina woyenda mumdima. Pali mng'ono wako wobwera kuchokera ku mowa amene wataya kiyi, akukankha zenera. Pali mlamu wofika ndi basi ya usiku osanena. Pali mwana wa neba wothamangitsa nkhuku mbandakucha. Chitseko ndi cha thabwa lopyapyala, ndipo kuseri kwa khoma kwagona ana a eni ake. Magetsi akazima, ngakhale nkhope ya mkazi wako suiona. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'nyumba zathu paliponse pamene mbava ingaime pali mkhate.

Ndiye pali mausiku ena onse a pachaka amene mbava sizibwera, koma mfuti ili pomwepo, yodzaza, pafupi ndi dzanja. Dziko la America linali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni m'manja mwa anthu wamba mu 2017, malinga ndi bungwe la Small Arms Survey, kuposa chiwerengero cha anthu ake. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikolo, ndipo oposa theka la iwo, 26,328, anadzipha okha. Amenewo sanaphedwe ndi mbava. Tonse tikudziwa mmene ngongole, kutha kwa ntchito ndi kusweka kwa banja zikugwetsera amuna kuno kwathu, tonse tinapitako kumaliro otere. Munthu amene wafika pamapeto usiku umodzi, ngati palibe chida chachangu pafupi, kawirikawiri amafika m'mawa, ndipo m'mawa kumabwera abale. Mfuti sipereka mpata umenewo.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Ku Texas, munthu wobadwa kuyambira Seputembala 1971 amafunsidwa maphunziro a alenje kuti azisaka gwape. Koma kuyambira Seputembala 2021, munthu wamkulu amene lamulo silimuletsa kukhala ndi mfuti angathe kuyenda ndi pisitolo m'tauni popanda chiphaso ndiponso popanda phunziro ngakhale la ola limodzi. Zigawo zoposa theka la dzikolo zinatsata njira yofanana. Kuti uombere nyama uyenera kupita kusukulu. Kuti unyamule chida chopangidwira munthu, ayi. Amene munakhalako kumeneko, tiuzeni ife otsala, nzeru yake ili pati?

Ine sindikunena kuti mlenje alandidwe mfuti yake, kapena kuti mlimi wa kutali ndi thandizo asaloledwe kupempha chiphaso. Kuno mfuti imafuna chiphaso, ndipo zikhale choncho. Chimene ndikukana ndi bodza loti luso lolasa limagulidwa ngati shuga, ndipo ukaligula wagula mtendere. Maphunziro oyenera dzinalo akanathera nthawi yambiri pa zinthu zimene sizikoma pakanema: lamulo limati chiyani za kuombera munthu amene akuthawa ndi wailesi yako, mfuti imatsekeredwa bwanji kuti mwana asaipeze, magazi amaletsedwa bwanji, ndiponso zizindikiro zoti mwini mfutiyo wayamba kukhala ngozi kwa iye mwini ndi kwa a m'nyumba mwake. Mphunzitsi amene amakuyamikira chifukwa chosaombera, ameneyo ndiye waphunzira kwa alenje. Enawo anangotengako chipewa.

Ndisananyamuke tsiku lija, amalume anandifunsa ngati mbava zija zinasecha m'nyumba. Ndinati zinasecha paliponse, mpaka zinang'amba matiresi.

"Unadzuka zili kale m'chipinda?"

"Eya, malume."

"Ndiye mfuti ija ya pansi pa pilo, lero ikanakhala m'manja mwa ndani?"

Ndinabwerera kunyumba n'kuitana wowotcherera kuti aike zitsulo m'mawindo ndi chitseko chachiwiri. Ine ndi aneba tinasonkha ndalama ya nyali yoyendera dzuwa ndi mawenzulo, ndipo Lachinayi lililonse ndimalondera nawo mpaka 2 koloko. Sindinganame kuti tulo tabwerera. Galu akauwa ndimadzukabe mtima uli m'mwamba, ndipo masiku ena chilakolako chija chimabweranso.

Mnzanga wa makanema uja sanasinthe maganizo. Akuti ayamba kuyendetsa mapepala a chiphaso, ndipo wandipempha kuti ndidzamuperekeze. Ndamuuza kuti ndidzapita, pokhapokha ayambe wakhala pansi ndi akazi ake pamodzi ndi mlamu wake uja wogwira ntchito ya usiku, amene amafika pakhomo 4 koloko m'mawa n'kudzitsekulira yekha, awauze chimene akufuna kuika pansi pa pilo. Papita milungu iwiri. Dzulo ndinamufunsa, ndipo anati sanapeze mpata wabwino woyambira nkhaniyo.